Zithunzi zakale za oimba jazi ndi malo amene ankaimbirako: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa anthu a ku Mzuzu ndi madera ozungulira amene apeza zithunzi za mabandi akale m'masutikesi a makolo awo, komanso ophunzira amene akulemba mbiri ya nyimbo. Ntchito yonse yagona pa zinthu zitatu zimene chithunzi chiyenera kuyenda nazo: mayina a anthu, malo, ndi chaka. Pambali pa chilichonse mwa zitatuzi pazilembedwanso kuti mwachidziwa bwanji.

Mukati jazi wakale mukunena nyimbo ziti?

Pali magulu atatu, ndipo pa khadi limene mumalembapo za chithunzi chilichonse musawasakanize. Loyamba ndi jazi wa ku America, amene anakulira mumzinda wa New Orleans chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mbale yoyamba ya jazi inajambulidwa mu 1917 ndi gulu la Original Dixieland Jass Band, ndipo pofika 1923 Louis Armstrong anali akuimba lipenga lachiwiri m'gulu la King Oliver ku Lincoln Gardens, mumzinda wa Chicago.

Lachiwiri ndi jazi wa m'makomboni a ku Joni, Bulawayo ndi Salisbury. Uyu ndiye anafika kwathu m'zikwama za anthu obwera ku Wenela, pamodzi ndi magalamafoni, magitala ndi mbale za nyimbo.

Lachitatu ndi lathulathu. Kuno mawu oti jazz band ankatanthauzanso anyamata oimba banjo yopanga okha ndi chigubu cha mafuta, ng'oma za zikopa, ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band ali m'gulu limeneli. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela wa chitoliro ndi gitala, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuwajambula mu 1967. Wina akati banjo ya chigubu si jazi weniweni, musalimbane naye. Lembani dzina limene oimbawo ankadzitchula okha.

Popeza nkhani ndi ya nyimbo, chithunzi chili ndi phindu lanji?

Oimba ambiri akale sanalowepo mu situdiyo yojambulira mawu. Buddy Bolden, woimba lipenga amene ambiri amati ndiye anatsogolera bandi yoyamba ya jazi ku New Orleans, palibe nyimbo yake ngakhale imodzi imene inapezeka. Anamutengera kuchipatala cha odwala maganizo mu 1907 ndipo anafera komweko mu 1931. Chimene chilipo ndi chithunzi chimodzi cha bandi yake, chojambulidwa cha m'ma 1905, cha amuna asanu ndi mmodzi: lipenga, thiromboni, makilaneti awiri, gitala ndi besi. Mulibe piyano, mulibe ng'oma. Zambiri zimene anthu amanena za kamvekedwe ka bandiyo zimayambira pa pepala limodzi limeneli.

Chithunzicho chinasindikizidwa koyamba mu 1939, chitachokera kwa Willie Cornish, woimba thiromboni uja, amenenso anatchula mayina a anzake. Pepala lenilenilo linasowa pambuyo pake, moti zonse zimene mumaona lero ndi makope a makope. Akanapanda kufunsidwa Cornish ali moyo, bwenzi tikungoona nkhope zisanu ndi imodzi zopanda mayina.

Zithunzi zoterezi zimapezeka kuti?

Za ku America zambiri zili pa intaneti. Library of Congress ili ndi zithunzi zoposa 1,600 zimene William Gottlieb anajambula pakati pa 1938 ndi 1948, ndipo kuyambira 2010 aliyense akhoza kuzigwiritsa ntchito. Za ku New Orleans zili ku Hogan Archive, imene inayamba mu 1958 pa yunivesite ya Tulane. Za ku Joni, fufuzani ntchito za ojambula a magazini ya Drum, monga Jürgen Schadeberg, Bob Gosani ndi Peter Magubane. International Library of African Music, imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University, ili ndi nyimbo zojambulidwa ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950.

Kuno kwathu yambani ndi National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Funsaninso ku Mzuzu Museum. Koma musayembekezere zambiri kumaofesi. Ojambula a boma ankatsata misonkhano ndi alendo olemekezeka, osati madansi a Loweruka usiku. Zithunzi za mabandi zili m'manyumba: m'maalubamu a maukwati, m'mabaibulo, pakhoma kuseri kwa kalendala, ndi m'makatoni a ana a anthu amene anali ndi masitudiyo. Ku Nkhata Bay, Mzimba ndi Rumphi, kumene amuna ambiri anapita kukagwira ntchito kunja, n'kosavuta kupeza chithunzi chokhala ndi chidindo cha situdiyo ya ku Bulawayo kapena Johannesburg.

Ndapeza mulu wa zithunzi. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kupukuta kapena kusankha zokongola. Sambani m'manja, muumitse bwino, ndipo gwirani zithunzi m'mphepete. Jambulani muluwo ndi foni momwe mwaupezera, pamodzi ndi envelopu kapena alubamu yake. Ndondomeko imene mwini wake anaikira zithunzi ndi umboni: chithunzi chopanda chaka chikakhala pakati pa ziwiri za 1962, mwayamba kale kuyandikira.

Kenako chithunzi chilichonse chipatseni nambala. Ilembeni kuseri, pakona, ndi pensulo yofewa ya 2B, mosakanikiza. Bolopeni imaboola n'kuonekera kutsogolo, ndipo inki yake imasungunuka kukachita chinyezi. Pa nambala iliyonse tsegulani khadi kapena mzere mu kompyuta, mulembe kukula kwa chithunzi m'masentimita, mawu onse olembedwa kuseri monga momwe alili ngakhale masipelo ali olakwika, chidindo cha situdiyo, mwini chithunzi, ndi tsiku limene mwachilandira. Ngati chamatidwa mu alubamu, chisiyeni momwemo.

Chaka ndingachidziwe bwanji ngati sichinalembedwe?

Chaka chenicheni sichipezeka kawirikawiri. Chimene mumachita n'kupanikiza chithunzi pakati pa zaka ziwiri, kuti sichingakhale chakale kuposa apa, komanso sichingakhale chatsopano kuposa apa.

Yambani ndi mawu. Chidindo cholembedwa Nyasaland n'cha nthawi ya m'mbuyo mwa 6 July 1964, ngakhale masitudiyo ena anapitiriza kudinda ndi chidindo chakale mpaka chitatha. Northern Rhodesia inasanduka Zambia mu October 1964, ndipo Salisbury inakhala Harare mu 1982. Mtengo wolowera wolembedwa m'mashereni ndi mapeni ndi wa m'mbuyo mwa February 1971, pamene kwacha ndi tambala zinayamba. Chithunzi cha Kamuzu pakhoma la holo kapena mabaji a chipani pamajekete zimakuuzaninso nyengo. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu, choncho woimba wamkazi wa mini pa siteji ya kuno mwina anajambulidwa lamulolo lisanabwere.

Chikwangwani cha dansi chikaoneka kumbuyo, mwapeza chuma. Tiyerekeze kuti palembedwa Loweruka, 14 August, kulowa 2/6, popanda chaka. Pakati pa 1950 ndi 1975, tsiku la 14 August linagwa Loweruka katatu kokha: 1954, 1965 ndi 1971. Mtengo wa mashereni ukuchotsa 1971. Ngati pena pake paoneka mawu oti Malawi kapena mbendera ya dzuwa lotuluka, chatsala ndi 1965.

Zida nazo zimalankhula. Gitala ya Fender Stratocaster inatuluka mu 1954, ndiye chithunzi chokhala nayo sichingakhale cha m'mbuyo mwa chakacho, ndipo kuno zida zoterezi zinkafika mochedwa. Pepala loterera kuseri ngati pulasitiki linayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Koma chenjerani: pepala limakuuzani nthawi imene chithunzi chinatsukidwa, osati nthawi imene chinajambulidwa. Negetivu ya 1958 ikhoza kutsukidwanso mu 1980 pa pepala latsopano.

Mukalemba, lembani kuti pakati pa 1964 ndi 1970, n'kuwonjezera zifukwa. Zimenezi n'zabwino kuposa kulemba 1967 mongolota.

Nanga malo, popeza nyumba zambiri zinagumulidwa?

Apa ndiye povuta, chifukwa wojambula ankafuna nkhope, osati makoma. Kulitsani chithunzi pa kompyuta, muyang'ane m'mphepete: maonekedwe a mawindo ndi kuchuluka kwa magalasi ake, mitanda ya denga, kutalika kwa siteji, mtundu wa pansi, malo a chitseko, ndi mzere wa mapiri ngati n'cha panja. Utoto umasintha, makatani amasintha, koma mtunda wa pakati pa mawindo susintha. Mukakayikira holo ina ya mpingo, ya sukulu kapena ya khonsolo, kaimeni pamalo amene wojambula anaima, mujambule chimodzimodzi, muyerekeze. Lembani manambala a GPS a malowo, chifukwa mayina amasintha msanga: bala ya kale lero ndi golosale, mawa ndi tchalitchi.

Kumbukiraninso kuti Mzuzu ndi mzinda waung'ono pa zaka. Unayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947 ndipo unakhala mzinda mu 1985. Chithunzi cha m'ma 1950 choonetsa holo yaikulu ya magetsi ndi siteji ya makatani, ngakhale chapezeka ku Katoto kapena ku Chibavi, chiyenera kuti n'cha kwina. Yerekezani ndi zithunzi za Stanley Hall ku Makokoba, Bulawayo, Stodart Hall ku Mbare, kapena Bantu Men's Social Centre ku Johannesburg musanalembe kuti Mzuzu.

Malo oimbira amatha mofulumira kulikonse. Sophiatown, kumene kunali Odin Cinema, anayamba kuigumula mu 1955. Savoy Ballroom ya ku Harlem, mumzinda wa New York, inatsekedwa mu 1958 n'kugwetsedwa. Sitolo ya banja la Karnofsky ku New Orleans, imene Armstrong ankaidziwa ali mwana, inagwa ndi namondwe Ida mu 2021. Ngati nyumba imene mukuikayikira ikadalipo, ijambuleni chaka chino, mkati ndi kunja.

Musadule omvera m'chithunzi pofuna kuti bandi ioneke bwino. Zithunzi za Cotton Club ya ku Harlem, kumene Duke Ellington anayamba kuimba mu 1927, zimaonetsa oimba akuda pa siteji ndi azungu pamatebulo. Amene anakhala pansi, amene anaima kumbuyo, ndi amene sakuoneka n'komwe, onsewo ndi mbiri ya malowo.

Achikulire ndiwafunse motani kuti mayina atuluke oona?

Musapite ndi chithunzi chenichenicho. Sindikizani kope lalikulu pa pepala la A4, kuti maso okalamba aone bwino, ndi kope lina lokhala ndi manambala pamutu pa munthu aliyense. Ndi mmene mayina a oimba 57 a m'chithunzi chotchuka cha Art Kane, cha ku Harlem mu 1958, amasonyezedwera: mzere wozungulira munthu, nambala, dzina.

Funsani munthu mmodzi payekha. Mukasonkhanitsa anthu asanu, wamkulu akangoti uyu ndi uje, enawo amangovomera mwaulemu. Musatchule dzina ndinu. Funso loti "Agogo, awa si amalume aja a ku Luwinga?" limabala yankho loti inde. Nenani kuti, "Agogo, pa anthu awa, alipo amene mukuwadziwa?" kenako khalani chete. Akatchula dzina, funsani kuti ankawadziwa bwanji, ankaimba chida chanji, kwawo kunali kuti. Funsaninso dzina la pa siteji ndi dzina la bambo wawo, chifukwa oimba ambiri ankadziwika ndi mayina ongopatsidwa, ndipo a Mhango kapena a Chirwa m'tauni muno ndi ambirimbiri.

Pemphani chilolezo chojambula mawu. Achikulire ambiri kuno amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chitonga. Asiyeni ayankhule chomwecho, ndipo mayina alembedwe monga momwe awatchulira. Pa khadi, dzina lililonse liikeni m'gulu limodzi mwa atatu. Lotsimikizika ndi lolembedwa kuseri pa nthawiyo kapena lotchulidwa ndi anthu awiri ofunsidwa payekhapayekha. Lomveka ndi lotchulidwa ndi munthu mmodzi wowadziwa. Longoganizira ndi la kufanana nkhope basi. Anthu awiri akatsutsana, lembani mayina onse awiri ndi amene wanena.

Gulu lili ndi malipenga ndi yunifomu. Ndi jazi?

Osati nthawi zonse. Amuna ovala zoyera, atandanda m'mizere, ali ndi malipenga a zikho, ndi a gule wa malipenga wa ku Nkhata Bay ndi madera ena a kunyanja. Malipenga achitsulo ambiri ndi ng'oma yaikulu yopachika pachifuwa ndi bandi ya asilikali, ya polisi kapena ya mpingo. Bandi ya dansi imadziwika ndi ng'oma zoimba munthu atakhala pansi, gitala kapena banjo, besi, ndipo mwina sakisofoni. Zithunzi za mabandi a yunifomu musazitaye, chifukwa oimba malipenga ambiri a m'madansi anaphunzirira kumeneko. Samalaninso ndi zithunzi za mu situdiyo: gitala ina inali ya mwini situdiyo, yongobwereka pojambulitsa. Onani zala. Wodziwa kuimba amagwira zingwe molondola ngakhale akungojambulitsa.

Posikana ndiike manambala anji?

Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chisikaneni pa 600 dpi (timadontho pa inchi imodzi). Tating'ono ta masentimita 6 kwa 9 kapena tocheperapo, 1200 dpi. Manegetivu a 35mm amafuna 2400 dpi kapena kuposa, pa sikana yokhala ndi nyali pachivundikiro. Sikanani mu mtundu ngakhale chithunzi chili chakuda ndi choyera, chifukwa kufiira kwa pepala ndi mtundu wa inki zimathandiza kudziwa zaka. Zimitsani zonse zokonza zokha, monga zochotsa fumbi ndi zonola, chifukwa zimafufuta tizilembo tating'ono ta pa ng'oma kapena pa chikwangwani. Siyani kampata kuti m'mphepete monse muoneke, ndipo sikananinso kuseri.

Sungani ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosataya kanthu pa chithunzi. Chithunzi cha 10 kwa 15 pa 600 dpi chimadya pafupifupi 26 MB, kapena 52 MB mukasankha 48-bit. Fayilo imeneyo musaikhudzenso. Zokonza zonse chitirani pa kope la JPEG. Dzina la fayilo likhale lotere: 1965c_Mzuzu_bandi_014a.tif kutsogolo, 014b kuseri.

Makope akhale atatu, pa zida ziwiri zosiyana, limodzi likhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 anthu a kuno akuukumbukira. Fulashi si nkhokwe. Imafa osatsanzika, makamaka magetsi akathima ili mkati mokopera.

Ndilibe sikana. Foni ingathandize?

Ingathandize, makamaka pamene mwini chithunzi sakulola kuti muchoke nacho. Chiikeni pa tebulo pakhonde, pamthunzi, pa pepala lotuwa. Zimitsani fulashi ya kamera. Foni ikhale yopingasa bwinobwino pamwamba pa chithunzi, yotsamira pa mulu wa mabuku, ndipo tchani taima ya masekondi awiri kapena atatu kuti isagwedezeke. Musayandikitse kwambiri, chifukwa m'mphepete mumapindika; talikirani pang'ono mugwiritse ntchito lenzi ya 2x ngati ilipo. Ikani rula pambali. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo tizilembo timasowa.

Ndisunge bwanji zithunzi kuno kochita chinyezi?

Mdani wamkulu ku Mzuzu ndi chinyezi. Zithunzi zimafuna mpweya wa chinyezi cha pakati pa 30 ndi 50 peresenti, ndipo chikapitirira 65 nguwi imayamba. Pamwamba pa chithunzi pali jelatini, chakudya cha nguwi, mphemvu ndi njenjete. Iyonso imafewa ikanyowa, n'chifukwa chake zithunzi zimamatirana.

Gulani bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muikemo timapaketi ta silika jelo toyamwa chinyezi ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Silika akakhuta muumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa maola awiri. Chithunzi chilichonse chikhale m'thumba lakelake la polyester kapena polypropylene, kapena pakati pa mapepala oyera opanda asidi. Mapulasitiki ofewa onunkha a PVC ayi. Bokosi likhale pa shelefu, masentimita osachepera 15 kuchoka pansi chifukwa cha chiswe ndi madzi, kutali ndi khoma la kunja, kutali ndi khitchini, osati kudenga pansi pa malata.

Musamatire chithunzi pulasitiki ya lamineshoni. Kutentha ndi guluu wake zimalowa m'chithunzi ndipo sizichokanso. Selotepu, mapini ndi malabala nazonso zimasiya zipsera. Pakhoma pachikani kope, chenichenicho chikhale mumdima.

Zanyowa ndi mvula kapena zamatirira pa galasi. Nditani?

Zonyowa zichotseni m'maalubamu tsiku lomwelo, chifukwa pakatha maola 48 nguwi imakhala itayamba. Ngati zili ndi matope, zitsukuluzeni m'madzi oyera ozizira osakhudza nkhope ya chithunzi. Ziyanikeni chagada pa thaulo, m'chipinda chopita mphepo. Osaika padzuwa, osasita. Zikapindika zisiyeni, mudzaziwongola zitauma poziika pansi pa mabuku. Chimene chamatirira pa galasi la fulemu musachikoke, chimang'ambika nkhope n'kutsalira pagalasipo. Chisikaneni ndi galasi lomwelo.

Manegetivu akununkha ngati viniga. Awonongeka?

Ayamba. Filimu ya acetate ikamawola imatulutsa asidi wa fungo limenelo, kenako imakwinyika. Sizibwerera m'mbuyo, ndipo fungolo limafulumizitsa kuwola kwa anzake. Apatuleni, muwasikane msanga. Onaninso mawu a m'mphepete mwa filimu. Pakalembedwa SAFETY, moto suvuta. Pakalembedwa NITRATE, ndi filimu yakale imene anasiya kupanga cha m'ma 1951, ndipo imayaka koopsa, madzi osaizimitsa. Iikeni m'maenvelopu a pepala, pamalo ozizira, kutali ndi mbaula ndi zithunzi zina, ndipo funsani a malo osungira zakale.

Bwanji oimba onse akuoneka amanzere?

Negetivu inaikidwa chotembenuza potsuka kapena posikana. Yang'anani zilembo, mabatani a jekete ndi thumba la pachifuwa, limene pa jekete ya mwamuna limakhala kumanzere kwake. Woimba sakisofoni kapena kilaneti amaika dzanja lamanzere pamwamba. Chithunzi cha Bolden chija chasindikizidwapo mbali zonse ziwiri, ndipo akatswiri akhala akutsutsana: mukachitembenuza kuti a gitala ndi besi agwire bwino, a makilaneti ndiye amaoneka olakwitsa.

Ndingachikongoletse ndi mapulogalamu oika mitundu ndi kukonza nkhope?

Pa kope longosangalatsa abale, palibe choletsa, bola mulembe kuti lakonzedwa. Pa mbiri ayi. Mapulogalamuwa salongosola nkhope yosaoneka bwino, amapeka ina. Amasintha maso, amawonjezera mano, ndipo nthawi zina amasandutsa banjo ya chigubu kukhala gitala ya m'sitolo. Agogo mukawaonetsa nkhope yopekayo akhoza kutchula munthu wolakwika.

Ndingaike zithunzizi pa Facebook?

Kukhala ndi pepala sikutanthauza kuti umwini wa chithunzi ndi wanu. Nthawi zambiri umwini umakhala wa wojambula kapena situdiyo, ndipo kuno nkhani zimenezi zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Ofunsa ndi a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, makamaka ngati mukufuna kusindikiza buku kapena kugulitsa. Kwa banja limene lakubwerekani chithunzi, lemberanani kapepala konena zimene alola: kusikana kokha, kuika pa intaneti, kapena kusindikiza. Bwezani chithunzi pa tsiku limene munagwirizana, pamodzi ndi kope labwino. Mabanja ena safuna kuti bambo awo, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa mpingo, aoneke ali mu bala ndi botolo patebulo, ndipo akakana, akana.

Mukaika, ikani kope laling'ono la JPEG, ndipo mawu ofotokoza alembedwe pa kampata koyera pansi pa chithunzi chenichenicho, chifukwa anthu akamagawana, mawu a pa positi amatsalira. Mayina amene anthu angatchule poyankha alembeni pa khadi m'gulu la ongoganizira, ndi tsiku lake, mpaka mutakumana ndi wonenayo n'kumufunsa kuti ankawadziwa bwanji.